Miyezi khumi ndi umodzi pa basi ya mbandakucha yochokera m'chigwa cha Shire

M'mwezi wa Epulo 2024, nditangokwera maulendo atatu okha pa basi ina yomwe inali itangoyamba kuyenda pakati pa Nsanje ndi Blantyre pa nthawi yoikika, ndinalemba mawu oiyamikira kwambiri. Ndinanena kuti basiyo inafika pa Nchalo pa nthawi imene inalembedwa pa tikiti, kuti munthu aliyense anali ndi mpando wakewake, ndiponso kuti kwa nthawi yoyamba ndinafika m'tauni malaya anga asanakwinyike ngati ndagona nawo. Anthu angapo anandiyankha kuti ndisapupulume, ndipo mkulu wina wa ku Ngabu anandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsopano papita miyezi khumi ndi umodzi, ndadutsa nayo basiyo m'chifunga cha Juni, m'dzuwa la Okutobala, m'nyengo ya kusowa kwa mafuta komanso m'mvula ya Januwale, choncho ndikuona kuti ndili ndi ngongole yobwereranso pa zimene ndinalemba zija. Dzina la kampani sinditchula, chifukwa zambiri mwa zimene zandivuta sizinachokere kwa eni basi.

Ndili ndi kashopu ka zipangizo zomangira nyumba pa Nchalo, mmene ndimagulitsa misomali, mahinji, maloko, penti ndi mapaipi. Lachiwiri lililonse ndimapita ku Limbe kukaoda katundu, ndipo kamodzi pamwezi ndimaperekeza mayi anga ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene iwo sadziwa dzina lina koma Gulupu. Maulendo awiriwa ndi osiyana kwambiri. Pa ulendo wa katundu ndimawerengera ndalama ndi nthawi, koma pa ulendo wa mayi ndimawerengera masitepe a pakhomo pa basi, kutalika kwa pamene tiyende pansi, ndi malo oti munthu wachikulire akhale pansi podikira.

Basi yeniyeniyo yapirira kuposa mmene ndinkaganizira. Mipando yatha mtundu ndipo ingapo ya kumbuyo yayamba kugwedera, mawindo awiri a mbali ya dalaivala satseguka chiyambire Seputembala, zomwe m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, zimasandutsa mipando imeneyo kukhala ng'anjo. Koma injini sinatigonekepo panjira, ndipo mabuleki amasamalidwa. Munthu wosadziwa msewu wathu sangamvetse chifukwa chimene ndikutchulira mabuleki patsogolo pa zina zonse. Kuchokera ku Chadzunda kutsikira ku Thabwa msewu umakhotakhota m'mphepete mwa phiri, ndipo pa makilomita ochepa chabe galimoto imatsika kuchoka pamtunda pamene anthu avala majuzi kufika pansi pamene ana akusewera osavala malaya. Dalaivala wa masiku onse wa basiyi, bambo wa imvi zoyamba kumene amene salankhula kwambiri, amaika giya yotsika asanayambe mtsetse, n'kuilola injini kulira yokha uku basi ikutsika pang'onopang'ono. Madzulo ena a mu Ogasiti minibasi ziwiri zinatipitirira pakona, ndipo mnyamata wina amene anakhala pafupi nane anadandaula mokweza kuti, "Madala, kodi tikupita kumaliro?" Dalaivalayo sanayankhe. Titafika kumunsi tinaipeza imodzi mwa minibasi zija itaima pambali, mateyala akutsogolo akufuka utsi, kondakitala akuthira madzi a m'chigubu pa mabuleki, okwera ataima m'tchire atanyamula ana. Kuyambira tsiku limenelo mayi anga amakana kukwera china chilichonse, ndipo potsika salephera kunena kuti "takhuta" kwa bamboyo.

Chimene sichinapirire ndi nthawi. Miyezi itatu yoyambirira basiyi inkafika pa Nchalo itangokwana 5 koloko m'mawa, ndipo inkaima pa masiteji odziwika okha. Pofika Julayi inayamba kuimira aliyense woimika dzanja, kaya pa Bereu, kaya pa Dyeratu, kaya pamtengo wopanda dzina, ndipo ulendo unayamba kutalika ndi mphindi makumi awiri kapena atatu. Poyamba ndinakwiya, koma nditacheza ndi kondakitala ndinaona kuti nkhaniyi ndi ya masamu. Minibasi ndi timagalimoto ta Sienta tinaphunzira msanga nthawi ya basi, ndiye timafika pasiteji mphindi khumi basi isanafike, oitanira n'kumauza anthu kuti lero yawonongeka ku Bangula. Munthu amene ali ndi ulendo wa kuchipatala sangayese mwayi. Amakwera chimene chili pamaso pake. Basi ikafika imapeza anthu asanu m'malo mwa makumi awiri, ndipo mipando yopanda anthu imamwa dizilo wofanana ndi yodzaza. Dalaivala wa minibasi naye sachita izi chifukwa cha njiru. Ali ndi ndalama yoikika yoti akapereke kwa mwini galimoto madzulo, yotsalayo ndiye malipiro ake ndi a kondakitala, choncho sanganyamuke isanadzaze ndipo sangalole munthu aliyense kumudutsa. Pamene palibe lamulo lopatula siteji ndi nthawi ya aliyense, galimoto yosunga nthawi imalangidwa chifukwa cha kusunga nthawiko.

Akuluakulu amene anakwerapo mabasi akale amadziwa kuti izi si zachilendo. Kampani ya Stagecoach ya ku Britain inagula United Transport Malawi mu 1989 n'kuchoka mu 1997, ndipo pa nthawiyo mumzinda wa Blantyre munkayenda mabasi akuluakulu okhala ndi njira zawo, ena a nsanjika. Pambuyo pake kunabwera Shire Bus Lines, yomwe inatsekedwa patapita zaka pafupifupi khumi, minibasi zitadzaza kale m'misewu yonse. Ndikawamva anthu akunena kuti Amalawi sitidziwa kusunga nthawi ndimakana, chifukwa bambo anga ankadzuka usiku kukadikira basi imene ankadziwa ola lake, ndipo sankaiphonya.

Kenako kunabwera kusowa kwa mafuta kwa kumapeto kwa 2024. Pa nthawiyo mtengo wa pampu unali usanasinthe chiyambire Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo petulo anafika pa K2,530 lita imodzi, dizilo pa K2,734. Komabe mtengo wokwerera unakwera, chifukwa mafuta a mtengo umenewo ankapezeka kwa okhawo amene agona pamzere, ndipo ambiri ankagula a m'zigubu pa mtengo woposa kawiri. Pa masabata amenewo basi yathu inajomba maulendo angapo popanda kutidziwitsa, ngakhale kuti manambala athu a foni ali m'kaundula wawo, ndipo ichi ndicho chokha chimene ndimawaimba nacho mlandu eni ake. Tsiku lina tinadikira ndi mayi kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litatuluka, tinaphonya tsiku lathu la kuchipatala, n'kupatsidwa lina la patatha milungu itatu. Uthenga umodzi wa pafoni ukanatipulumutsa. Koma ndiyeneranso kunena kuti pamene minibasi zinkasintha mtengo malinga ndi kuchuluka kwa anthu pasiteji, m'mawa wina madzulo wina, basiyi inakweza kamodzi kokha ndipo inamata chidziwitso pagalasi sabata imodzi zisanachitike.

Zonsezi ndi za mumsewu wa m'chigwa, ndipo ndikanangolekera pomwepa ndikanati basiyi ndi yabwino koma yatopa pang'ono. Chimene sindinachione m'mwezi wa Epulo, chifukwa ndinali wokondwa ndi mpando wanga, n'chakuti phindu lonse limene basi imandipatsa pa makilomita pafupifupi 80 ndimalitaya pa makilomita ochepa omaliza.

Tsiku labwino timadutsa mlatho wa Kamuzu kusanache bwino, timakwera phiri, ndipo timafika pa Mpemba nthawi isanakwane 7 koloko. Kuyambira pa Green Corner kulowera ku Stella Maris timalowa mumzere umodzi ndi aliyense wopita kuntchito ndi kusukulu, basi ya anthu makumi asanu ndi limodzi ikuyenda liwiro limodzi ndi kagalimoto kokhala ndi munthu mmodzi amene akuyankha foni. Tikatsika m'tauni ya Blantyre ulendo wanga sunathe, chifukwa katundu ali ku Limbe. Ndimayenda pansi kukafuna minibasi ya Highway, msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, ndimadikira kuti idzaze, kenako imaima pa Ginnery Corner, pa Chichiri ndi paliponse pamene kondakitala waona munthu woyang'ana kumsewu. Masiku ambiri chigawo chimenechi chimanditengera nthawi yoposa ola, kutanthauza kuti kuchoka pa Green Corner kufika ku Limbe n'kofanana ndi kuchoka ku Dyeratu kufika pa Green Corner. Pobwerera zimaipiraipira, popeza ndimakhala ndi zidebe za penti ndi makatoni a misomali: ndimalipira mnyamata wa wilibala kuchoka kumashopu kufika pasiteji, ndimalipira mpando wachiwiri wa katundu mu minibasi, ndimalipiranso wina wondinyamulira kufika pamene basi ya kwathu yaima, ndipo ndikachedwa ndi mphindi khumi ndiye kuti tikiti yanga yapsa. Nditawerengera m'kope langa la shopu ndinapeza kuti ndalama zoyendera mkati mwa mzinda momwemo, pamodzi ndi zonyamulitsa, zimayandikira theka la tikiti yochokera ku Nchalo.

Pa tsiku la mayi vuto limasintha maonekedwe. Pamene timatsikira palibe benchi, palibe denga, ndipo chimbudzi chili patali kwa munthu woyenda ndi ndodo amene wakhala m'basi maola awiri. Mu Julayi, chiperoni chitaphimba mzinda, tinatsika m'kamvula kowaza, mayi atafunda chitenje chimodzi chokha chifukwa kwathu kunali kofunda ponyamuka. Minibasi zitatu zinatidutsa kondakitala ataona kuti gogoyo atenga nthawi kukwera. Yachinayi inaima, ndipo mtsikana wina wa yunifomu ya sukulu anatsika pampando wa pakhomo n'kunena kuti, "Agogo, khalani apa, ine ndipita kumbuyo." Ndinamuthokoza, koma ndinadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani ulendo wa wodwala wochokera maboma awiri athunthu a Nsanje ndi Chikwawa, kupita ku chipatala chachikulu chimene mabomawo amatumizako odwala awo, uyenera kudalira ulemu wa mwana wa sukulu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu oposa 800,000, m'boma la Chikwawa oposa 560,000, ndipo ku Nsanje pafupifupi 300,000. Tikaphatikiza maboma awiri a m'chigwa tikupeza anthu ochuluka kuposa a mumzinda wonsewo, ndipo khomo lawo lalikulu lolowera m'tauni ndi msewu umodzi wa M1. Ife sitiwerengedwa ngati anthu a mumzinda chifukwa sitigonamo, koma m'mawa uliwonse timalowamo ndi odwala, ndi mbuzi, ndi nsomba, ndi ana opita kukoleji, ndipo madzulo timatulukamo ndi simenti ndi malata. Amene amakonza mapulani a mayendedwe akamawerengera anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri okha, amasiya kunja khamu limene limadzaza misewu yomweyo pa maola omwewo. Komanso mzindawu uli ndi mitima iwiri chiyambire pamene Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa mu 1956, ndipo pafupifupi aliyense wochokera kunja amafunika kudutsa pakati pa mitima iwiriyo. Njira imeneyi, ya msewu wa Masauko Chipembere, ndiyo inayenera kukhala yoyamba kupatsidwa mabasi akuluakulu onyamuka mphindi zoikika, kaya adzaza kaya sanadzaze.

Ndikudziwa kuti yankho limene limakondweretsa anthu ambiri ndi kukulitsa misewu. Msewu wa Chipembere unakulitsidwa, ndipo ku Lilongwe kwamangidwa misewu ya mizere isanu ndi umodzi ndi mphambano yodutsana pamwamba ya ku Area 18. Ndi zokongola, ndipo sindikunyoza. Koma kwa ine wokwera basi, mzere watsopano wa phula umene aliyense aloledwa kulowamo umadzaza ndi magalimoto a anthu pakangopita zaka zochepa, ndipo basi imabwerera pamzere womwe uja. Ku Dar es Salaam anasankha njira ina: mu 2016 anatsegula msewu wa mabasi okhaokha wa makilomita pafupifupi 21 kuchokera ku Kimara kufika ku Kivukoni pamodzi ndi nthambi zake, pakati pa msewu waukulu, wokhala ndi masiteji ake okwera pamene munthu amalipira asanalowe. Anzanga amene amakaoda katundu kumeneko amati mabasiwo amadzaza mopitirira muyeso ndipo nthawi zina amachedwa, koma sanandiuzepo kuti anaona basi ya anthu oposa zana itatsekeredwa kumbuyo kwa kagalimoto ka munthu mmodzi. Mwina ife sitingakwanitse zonsezo lero. Komabe kupatula mzere umodzi wa mabasi pa maola a m'mawa ndi madzulo, kumanga malo amodzi a denga ndi mabenchi pamene galimoto za m'chigwa zikumana ndi za ku Limbe ndi za kuchipatala, ndi kupereka chilolezo cha njira kwa okhawo amene avomera kutsatira nthawi, n'zinthu zofuna kulimba mtima kuposa ndalama. Eni minibasi sayenera kuthamangitsidwa. Ambiri a iwo angalowe m'dongosolo lotere ngati atatsimikiziridwa kuti mnzawo sadzawalanda okwera pakona.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa ndikamadutsa pa njanji ku Limbe nditasenza katoni. Sitima inayamba kuyenda pakati pa Nsanje, pamene panthawiyo pankatchedwa Port Herald, ndi Blantyre mu 1908, ndipo kwa zaka zambiri anthu a m'chigwa ankalowa mumzinda pa njanji, n'kutsikira pakati penipeni pa Limbe, pafupi ndi mashopu amene ine ndimawafikira nditasintha galimoto kawiri. Madzi osefukira anadula njanjiyo ku Chiromo mu 1997, ndipo mbadwo wonse wakula osaonapo sitima ikuwoloka kupita ku Bangula. Mu Seputembala 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Beira inafika pa Marka, ndipo ntchito yokonza makilomita 72 a pakati pa Marka ndi Bangula ikadzatha tidzakhala ndi chonyadira. Koma njanji imeneyo ikuyang'ana kunyanja ndipo ikuganizira za katundu. Funso la munthu wa ku Tengani amene akufuna kufika ku Limbe m'mawa ndi kubwerera madzulo lidzayankhidwa pokhapokha mpata wa pa Chiromo utalumikizidwa. Kwathu ku Nchalo njanjiyo sidutsako, koma munthu aliyense wa ku Nsanje amene angakwere sitima ndi mpando umodzi wochotsedwa pa phiri la Thabwa. Ndipo tisaiwale kuti msewu umodzi ndi chingwe chimodzi: namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anaudula, chigwa chonse n'kukhala chopanda khomo kwa masiku angapo. Mvula ya chaka chino sinafike pamenepo, koma kawiri tinaima kudikira kuti madzi odutsa pamwamba pa msewu aphwe, ndipo mchenga umene mitsinje imasiya pa phula umadya mateyala ndi nthawi.

Sindingaloze chala ku Blantyre kokha, chifukwa Nchalo nayo ikukula mwa njira yomweyo. Pamene ndinkatsegula shopu yanga, kuseri kwake kunali minda. Lero kuli nyumba za lendi mizere itatu, ndipo misomali yake ndagulitsa ndine. Tsiku la malipiro a ogwira ntchito ku kampani ya shuga, msewu waukulu umasanduka msika, siteji ndi njira ya malole a nzimbe pa nthawi imodzi, akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto akulukana pakati. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000, ikadzayamba kugwira ntchito idzabweretsa anthu ena, malole ena ndi mashopu ena pa Dyeratu, pa Nchalo ndi pa Ngabu. Malo a depoti ndi otsika mtengo lero pamene pali thengo; pakadzamangidwa nyumba, kuwapeza kudzafuna chipukutamisozi ndi milandu, monga mmene zilili m'tauni. Pakali pano basi yathu imaima kutsogolo kwa golosale ina, theka lake lili pa phula, ndipo okwera timabisala dzuwa pakhonde la mwini golosaleyo, amene watilola chifukwa timagula madzi.

Kwa amene anandifunsa ngati ndikuilimbikitsabe basiyi, yankho langa lagawika pawiri monga maulendo anga. Ngati muli ndi wodwala, mwana wamng'ono kapena munthu wachikulire, ikwereni, gulani tikiti dzulo lake, sankhani mpando wa mbali ya kumanzere pamene mawindo amatseguka, ndipo tengani nambala ya kondakitala kuti mumuimbire musanachoke pakhomo. Ngati ulendo wanu ndi wa katundu wa ku Limbe, werengerani kaye zimene mudzawononge pakati pa Blantyre ndi Limbe musanakopeke ndi mtengo wa tikiti. Ineyo kuyambira Januwale ndasintha kachitidwe. Popita ndimakwera basi, chifukwa phiri lija ndimafuna kulikwera ndi dalaivala amene ndimamudziwa. Katundu ndimamusiya kwa mnzanga wa lole ya matani atatu imene imatsikira ku Ngabu Lachitatu, ndipo tinagwirizana anthu anayi a mashopu kuti tizigawana mtengo wake. Ndimabwerera chimanjamanja ndi malisiti m'thumba, ndipo kuti ndisaphonye basi ya 3 koloko masana ndimachoka ku Limbe isanakwane hafu pasiti wani.